Kanambala ka Amalume a Drikone

Amalume anga a Drikone sanalowepo m'nyumba ya munthu asanalandiridwe. Ngakhale kwathu, kwa mlongo wawo wa bere limodzi, amaima panja pafupi ndi mtengo wa kokonati n'kutsokomola. Amayi akapanda kumva, amatsokomolanso. Tsiku lina amayi anali kumunda, amalume anatsokomola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ine ndinali m'nyumba momwemo, koma mwana salandira munthu wamkulu, ndiye ndinangokhala phee, kuphunzira katsokomoledwe kawo. Mpaka lero ndikafuna kuvutitsa amayi ndimakatsokomola kuseri kwa khitchini, iwo n'kutuluka ndi mphasa m'manja.

Ndi munthu wamfupi, wa mapazi otambalala. Nsapato amavala pa maliro ndi pa tsiku loyezetsa basi ya sukulu. Kuseka amaseka kamodzi pachaka, nthawi yokumba zilazi, ndipo ukachedwa kucheuka udikira chaka chamawa.

Pa sukulu yathu ya sekondale kuno ku Lifou, chilumba cholamulidwa ndi Falansa, agwirapo zaka makumi atatu. Papepala analembedwa kuti ndi dalaivala wa basi. Koma udzu amatchetcha ndi iwo, mpope ukamadontha ndi iwo, nkhanu ikalowa m'kalasi atsikana n'kukwera pamadesiki, ndi iwo. Imeneyo ndi ntchito ya malipiro. Ntchito yawo yeniyeni anabadwa nayo. Banja lawo ndi lolankhula pakhomo. Anthu akwathu akamapita kwa eni ake ena, a Drikone ndi amene amatsogola kukaonetsa nkhope. Amayala nsalu, fodya ndi kandalama ka pepala pamwamba, n'kuwerama, n'kunena motsitsa mawu kuti ndife ana a uje, tachokera kwakuti, tikupempha kuponda pano. Mwini malo amaika dzanja pansaluyo, n'kuyankha, n'kuitenga. Ikatengedwa ndiye kuti mwalandiridwa. Zobweza nsalu ine ndinali ndisanazione. Amati zinachitika kamodzi agogo athu ali anyamata, ndipo mabanja awiri amenewo sakwatirana mpaka pano.

Ine ndine Siwene, ndimatsitsa katundu pa doko la ku Wé. Sukulu ndinaisiya chaka chomwe tinapita ku Falansa, poti ndinaona kuti zofunika ndaziona kale. M'kalasi ndinkakhala womaliza. Koma kutsanzira mawu a anthu ndiye ndinkatha, moti tsiku lina ndinaweruketsa kalasi yonse ndi mawu a ahedi ndili m'chimbudzi.

Ulendowo unali maganizo a mayi Cazenave, aphunzitsi athu a mbiri yakale, mzungu woonda wa ku Falansa komweko, amene amayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Anati sizingatheke kuti nyumba za mafumu ndi zithunzi za akatswiri tizingoziona m'buku long'ambika, tikazione ndi maso. Amayi athu anaphika bougna wa zilazi ndi nkhuku Loweruka lililonse n'kumagulitsa, kuphatikizapo masewera a bingo, kwa zaka ziwiri, mpaka nkhuku za m'mudzi zinayamba kuthawa zikamva dzina la Paris. Tinalipo ana khumi ndi asanu ndi atatu. Makolo anati popanda munthu wamkulu wakuno ana sakwera ndege. Panalibe zosankhana. Onse anangocheukira kumbuyo, kumene a Drikone ankakhomerera mwendo wa benchi.

Lamlungu lomaliza, titatuluka m'tchalitchi, makolo anayala nsalu paudzu. Inali yobiriwira ya maluwa oyera, ndipo kholo lililonse linaigwira. Amene analankhula ndi bambo ake a Leonie, mtsikana amene ankakhala woyamba m'kalasi ndipo sankalola kuti tiiwale.

"A Drikone," anatero bambowo, "ana awa akukaona zinthu za makolo a anthu ena. Asakalowe ngati nkhumba m'munda wa zilazi. Nsalu ndi iyi. Mukaipereke kwa eni ake a zinthuzo. Mukabwera mudzaime pompano, mudzatiuze amene analandira ana athu, dzina lake ndi mawu ake."

Amalume anaika dzanja pansalupo.

"Ndamva."

Mawu awo onse anali omwewo. Ine ndinawabwereza kwa anzanga m'ndege kuchokera ku Nouméa mpaka kufika, tsiku lathunthu, ndi katsokomoledwe komwe. Mayi wogawa chakudya akafunsa kuti nsomba kapena nkhuku, ine ndamva.

Tinafika kukuzizira koopsa. Amalume anali atavala nsapato za maliro zija, nsalu ili m'kathumba ka pulasitiki m'kati mwa jekete, chapamtima. Pabwalo la ndege anayesa kuitulutsa kwa wapolisi woona mapasipoti, koma uja sanadzutse n'komwe mutu, anangoti wotsatira. Kunyumba yogona alendo anati kumeneko kuli ngati kusitolo, sikufunika nsalu.

Tsiku lachiwiri tinakwera sitima kupita kunyumba yachifumu ya kunja kwa mzinda, ya zipata zagolide. Mayi Cazenave anali akutiwerenga mitu pamene amalume anatsokomola kumbuyo kwawo.

"Aphunzitsi, mwini wake ali kuti?"

"Mwini wake wa chiyani, bambo Drikone?"

"Wa nyumbayi."

"Mfumu? Anaidula mutu. Ana inu, chinali chaka chanji?"

Leonie anatchula chaka.

"Anaidula ndani?" anafunsa amalume.

"Anthu ake."

Amalume anayang'ana zipata zija kanthawi.

"Nanga mayi a m'nyumba?"

"Nawonso."

"Ndiye ndi nyumba ya maliro."

"Ayi, bambo Drikone, papita zaka zoposa mazana awiri. Pano ndi ya anthu onse. Ya dziko. Ndi yanunso, si pasipoti yanu ndi ya Falansa?"

"Yanga ine?"

"Yanu."

"Sanandiitanepo kudzatchetcha."

Mayi Cazenave anayang'ana wotchi. Matikiti athu anali a teni koloko, ndipo kumeneko teni koloko siidikira munthu. Amalume anati ana alowe, mlanduwo asenza iwo, koma iwo atsala panja ndi nsalu, mwina wa banja la malemuyo angatulukire. Ife tinalowa. Tinaona chipinda cha magalasi okhaokha, mmene Leonie anadziona kakhumi nthawi imodzi n'kukhutira. Tinaona bedi la mfumu, limene aphunzitsi anati anthu olemekezeka ankadzazungulira m'mawa kudzaonerera mfumu ikudzuka. Titatuluka patatha maola atatu tinapeza amalume atagwada m'munda, akuyeza mpanda wa maluwa ndi chikhato.

"Amene amadula izi ndi munthu," anatero. "Ndamufunafuna, sindinamupeze."

Tsiku lachitatu kunagwa mvula, ndipo tinapita kunyumba yaikulu ya zithunzi ya pakati pa mzinda. Ukangolowa pamenepo pali kauntala yaitali pamene anthu amasungitsa majekete, zikwama ndi maambulera. Ife zikwama tinali titasiya kogona. Kuseri kwa kauntalayo kunali mayi wachikulire, wa imvi zodula, magalasi ali pachingwe m'khosi. Aliyense wofika, mayiyo ankamutambasulira manja onse awiri.

Amalume anaima mwadzidzidzi, ine n'kuwagunda kumsana.

"Uyo."

"Uyo ndani, amalume?"

"Sukuona? Akulandira ndi manja awiri. Taona anthu akuvula mpaka majekete awo kumupatsa. Nayenso aliyense akumubwezera kanthu. Awa ndi anthu oleredwa."

Anavula chipewa, n'kupita. Anayala nsalu ija pakauntala, fodya ndi kandalama pamwamba, n'kuwerama, n'kuyamba. Analankhula m'chilankhulo chathu, motsitsa mawu monga kuyenera, maso ali pansi, m'malo mmene anthu chikwi ankalankhulira pamodzi. Anayamba kutchula ana mmodzimmodzi, aliyense ndi bambo ake. Atafika pa mwana wachinayi mayi uja anaika dzanja pansalupo, n'kuikoka, n'kuipinda pamodzi ndi fodya, n'kukaiika pashelefu. Kenako anaika m'dzanja la amalume kapulasitiki kozungulira kachikasu, kolembedwa 214.

"Isanakwane sikisi koloko," anatero.

Amalume anakayang'ana kanambalako mbali zonse ziwiri. Kenako anaseka, zilazi zisanakumbidwe.

Tonse tinkadziwa. Mayi Cazenave anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana wotchi, n'kutseka. Leonie anandigunda ndi chigongono.

"Awuze, ndi amalume ako."

"Awuze iwe, ndiwe woyamba m'kalasi."

Palibe anawauza.

Tsiku limenelo ndi limene amalume anaona Falansa. Ankayenda patsogolo pathu, chipewa m'manja, kanambala katafumbatidwa. Tinafika pa chiboliboli cha mwala cha mayi wopanda manja, aphunzitsi n'kuyamba kufotokoza za kukongola kwake.

"Anathyola ndani?" anafunsa amalume.

"Sizidziwika."

"Ndiye sanapepese."

Tinalowa m'chipinda china chachitali mmene anthu a m'zithunzi ambiri anali osavala.

"Atsikana, yang'anani kudenga," anatero.

Kudengako nakonso kunali anthu osavala, ena akuuluka.

"Yang'anani nsapato zanu."

Panali kachithunzi kakang'ono ka mayi wina kuseri kwa galasi, pamene anthu anaunjikana ngati pogulitsa nsomba, aliyense atafulatira mayiyo, foni m'mwamba, kudzijambula. Amalume anafunsa kuti mayiyu analakwa chiyani kuti mudzi wonse uzimuonetsa msana. Iwo anadikira mpaka anapeza mpata, n'kumugwedezera mutu, n'kuchoka.

Koma pamene anaima nthawi yaitali ndi pa chithunzi chachikulu ngati khoma la tchalitchi, cha anthu amene chombo chawo chinamira, ataunjikana pamatabwa omangamanga pakati pa nyanja, ena amoyo, ena akufa. Mayi Cazenave anatifotokozera za kuwala ndi mdima, ndi mmene mitembo ili mmunsi, chiyembekezo chili mmwamba. Ife tinalemba. Amalume anasendera pafupi, manja kumbuyo.

"Mfundo iyo siingagwire," anatero. "Amene anajambula sanamangepo chingwe panyanja." Anayang'ana nkhope za amoyo aja. "Koma ludzu akulidziwa."

Anawerama pamaso pa akufa aja, ife n'kuwerama nawo. Azungu ena awiri anaona ngati ndi lamulo, nawonso anawerama.

Itakwana faifi koloko tinayesa kuwakhotetsa.

"Amalume, khomo lotulukira ndi ili."

"Wochoka osatsanzika ndi galu."

Anapita pakauntala paja. Anawerama, n'kukweza kanambala kaja ndi manja awiri, kuti mayiyo aone kuti mphatso yake yasungidwa bwino. Mayiyo anakatola, n'kutembenuka, ndipo amalume asanamalize kunena kuti tathokoza, nsalu inali itabwerera pakauntala, fodya ali pamwamba, monga inapitira.

"Wotsatira," anatero mayi uja.

Ine ndimatha kutsanzira mawu alionse, koma chete wa amalume wa tsiku limenelo sindinamuthe mpaka pano. Anatenga nsaluyo n'kuibwezera m'jekete. M'sitima ya pansi pa nthaka anaima njira yonse, mipando ilipo.

M'mawa mwake pa tiyi mayi Cazenave anawafotokozera bwinobwino kuti pamene paja ndi posungitsa katundu, kanambala ndi kotengera katunduyo, mayi uja sanadziwe kanthu. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto.

"Dzanja anaikapo, aphunzitsi. Ndinaona ndi maso anga. Dzanja likaikidwa ndiye kuti yalandiridwa. Ikabwerera ndiye kuti pali chimene tinalakwa m'katimo." Anatiyang'ana ife. "Wina anagwira chinthu? Wina anaseka akufa?"

Onse anayang'ana ine. N'zoona kuti ndinalowetsa manja m'malaya n'kuima pafupi ndi mayi wa mwala uja. Koma ndinangoima mphindi imodzi.

Amalume sanandikalipire. Anangoti, "Lamlungu la mawa ndiyenera kuima paudzu paja. Ndikanena kuti ana anu anakanidwa, kapena ndikanena kuti palibe anawalandira. Bodza sindinganene nsalu ili m'manja."

Masiku atatu otsatira tinaona tchalitchi cha mawindo a utotoutoto, manda a asilikali, nsanja yachitsulo ija ya pamakalendala. Amalume anaona makomo. Ankatiperekeza mpaka pakhomo, n'kukhala pabenchi panja, dzanja pajekete. Chakudya anasiya. Buledi wawo ankapatsa nkhunda, ndipo pofika tsiku lachisanu nkhunda za m'Paris zinali zitawadziwa.

Ndiye ine ndinaganiza nzeru. Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, anthu akumwa tiyi, ndinatuluka panja ndi foni ya Leonie n'kuimba pa foni ya polandirira alendo, kuti ndikufuna bambo Drikone a ku Lifou. Ndinatenga mawu a munthu wamkulu wa pa wailesi, olankhulira m'mphuno, ochedwa ngati akuwerenga mawu alionse asanawatulutse. Pawindo ndinkawaona amalume ataima, foni kukhutu, chipewa atavula.

"Ndine mkulu wa nyumba zonse za zithunzi za m'dziko muno," ndinatero. "Tamva za kubwera kwanu. Pepani ndi zimene zinachitika. Mwalandiridwa, inu ndi ana anu onse."

"Zikomo, bwana," anatero amalume. "Ndifunseko chimodzi."

"Funsani."

"Kodi bwana nanunso dzino lakutsogolo linatsalira mumtengo wa mango? Poti mukuimba kalikhweru ngati mwana wa mlongo wanga."

Lilime langa linapita lokha pampata wa dzinolo.

"Nsalu siyenda m'foni, Siwene. Bwera udzamalize tiyi wako, wazizira."

Ndinabwerera. Amalume anangondikankhira shuga. Bola akanandimenya.

Tsiku lomaliza linali logula mphatso za kunyumba. Tisanatuluke amalume anatsokomola.

"Aphunzitsi, ine ndikubwerera kwa mayi aja, kukapepesa."

"Bambo Drikone, zimenezo palibe pandondomeko."

"Payanu."

Leonie anati nayenso apita. Ine ndinati ndipita poti wolakwa akuoneka kuti ndine. Kenako onse. Mayi Cazenave anatiwerenga mitu, n'kupuma mozama, n'kunena kuti ola limodzi.

Kupepesa kumafuna nsalu yakeyake. Panjira amalume anagula kwa mnyamata wogulitsa mumsewu kansalu kopukutira mbale, kojambulidwa nsanja yachitsulo ija kasanu ndi kamodzi. Anati nsalu ndi nsalu.

Mayi uja tinamupeza pamalo pake. Tisanafike pakauntala Leonie anagwira amalume pamkono.

"Bambo, lero mulankhule Chifalansa, mokweza. Ndiponso muwayang'ane kumaso. Kuno munthu akayang'ana pansi amaganiza kuti wagwetsa kanthu."

Chifalansa anavomera. Za kumaso anati ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, sangayambe lero. Anayala nsalu ziwirizo, ife tonse titaima kumbuyo kwawo, mitu pansi.

"Mwataya kanambala?" anafunsa mayiyo.

"Ayi mayi. Tabwera kudzapepesa."

"Mwaswa chiyani?"

"Ndi zimene tabwera kudzafunsa."

Mayiyo anayang'ana mayi Cazenave, mayi Cazenave n'kuyang'ana Leonie. Leonie anafotokoza zonse, za makolo, za udzu wa kutchalitchi, za dzanja, za mabanja awiri osakwatirana aja. Akanakhala mayeso akanakhoza zonse. Kumbuyo kwathu mzere unali ukukula. Bambo wina wa ambulera yodontha anati ena tili ndi zochita.

"Ambulera yanu siithawa, bambo," anatero mayiyo osamuyang'ana. Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. "Ndiye tsiku lamvula lija munkanditchulira mayina a ana?"

"Ndi a bambo awo."

"Ine ndinkaganiza mukunena kuti nsaluyo isanyowe." Anapukuta magalasi aja ndi malaya. "Koma bambo, ine si mwini wake wa nyumbayi. Ine ndimapachika majekete."

"Zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"Kiyi mumasunga?"

"Wa chipinda chino chokha."

"Alendo akafika amayamba kuona ndani?"

"Ine, kukakhala mvula."

"Ndiye ndinu a pakhomo," anatero amalume. "Inenso ndine wa pakhomo. Basi ndi udzu ndi zongodyera."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa mutu, poti nkhope sinkaoneka.

"Vuto lilipo limodzi. Mphatso sindiloledwa kulandira pantchito. Ndi lamulo."

Mapewa a amalume anatsika. Anayamba kutambasula dzanja kuti atenge nsalu. Mayiyo anagogoda kauntala ndi chala, kawiri, katatu.

"Dikirani. Pali lamulo linanso. Katundu wosungitsa sindingamupereke kwa munthu amene alibe kanambala, ngakhale atabwera nduna." Anafufuza m'bokosi la tinambala mpaka anapeza 214 yemwe uja. Kenako anaika dzanja lake pansalu ziwirizo, ndipo ulendo uno sanalichotse. "Mukatenga aka n'kupita nako kutsidya la nyanja, ine ndilibe woti ndimubwezere nsaluyi. Ikhala ndi ine. Anthu amaiwala zinthu pano tsiku lililonse."

"Ine sindikuiwala, mayi."

"Ndikudziwa. Inu nyamulani, zolemba ndi zanga."

Amalume analandira kanambalako, koma sanasunthe. Leonie ananong'oneza mayiyo kuti patsala mawu.

"Ndinene chiyani?"

"Dzina lanu, kwanu, ndi kuti tilowe kapena ayi."

Mayiyo anaongola msana n'kukonza kolala.

"Ndine Josiane, mwana wa Erwan, msodzi wa ku Bretagne, kumene mvula imagwa chammbali. Pano ndalandirapo majekete, maambulera, zikuku za ana, tsiku lina munthu anandisiyira nsomba yaiwisi. Wonditchulira bambo ake anali asanabwerepo. Ana awa sanalakwe kanthu. Wolakwa ndine, ndimamva khutu limodzi. Lowani. Musathamange, musagwire zithunzi, zimbudzi zili kumanzere."

"Ndamva," anatero amalume.

Matikiti a tsiku limenelo tinalibe, ndiye sitinalowe. Amalume anati palibe kanthu, chofunika n'chakuti tikanatha kulowa. Panja anadya buledi wamtali wa kumeneko yense okha, nkhunda zikuwayang'ana.

Lamlungu lake anaima paudzu paja, nsapato atavula. Ananena zonse, za mfumu yodulidwa mutu, za kubwerera kwa nsalu, ngakhale za foni yanga, amayi anga n'kundiyang'ana ndi diso lija. Atamaliza, bambo ake a Leonie anafunsa.

"Anagwira?"

"Kawiri. Koyamba osadziwa, kachiwiri akudziwa."

"Ndi wa banja lachifumu?"

"Banja limenelo kulibe. Ndi mayi wa pakhomo. Kiyi amasunga."

"Nanga mawu ake?"

"Ali ndi mwana wa mlongo wanga."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga munthu wamkulu kundipempha kuti nditsanzire wina. Ndinaimirira, ndinaongola msana, ndinakonza kolala imene ndinalibe, n'kunena mawu a mayi Josiane onse, ndi kusasa kwa mawu awo komwe. Ndinadikira kuti pa zimbudzi paja aseka. Palibe anaseka. Kanambala kanayenda m'manja mwa makolo onse, mmodzimmodzi, mpaka kanabwerera kwa bambo ake a Leonie.

"Ana analandiridwa," anatero.

Pano papita zaka zisanu ndi chimodzi. Amalume akuyendetsabe basi, ngakhale giya yachitatu inawakana kalekale. Makalasi awiri apitanso ku Falansa, ndipo makolo sanavute, poti njira inatsegulidwa. Ulendo uliwonse amalume amatumiza kamtolo ka vanila wa m'munda mwawo, kokulunga bwino, koti akakasungitse kwa mayi Josiane n'kuiwala.

Kanambala kaja kali pamzati wapakati m'nyumba yawo yozungulira, pamsomali wakewake. Chaka chatha mayi Cazenave anabwera kudzapempha kuti akatenge, akakaonetse mayi Josiane, asangalale kuti kakadalipo. Amalume anawayalira mphasa panja, pansi pa mtengo, n'kukhala pakati pa iwo ndi khomo. Munthu aliyense amene ali ndi tikiti ya ku Falansa amalandiridwa panja choncho.

"Ndikabweza, bambo Drikone. Ndi milungu iwiri yokha."

"Ayi, aphunzitsi. Mayi aja ndi munthu wa lamulo. Kakangofika pakauntala paja, nsalu ibwerera."